Nyumba zamakedzana zoti mukaone kuchokera ku Lilongwe: Nkhoma, Mua, Mandala, Masongola kapena Stone House?

Munthu wa ku Lilongwe akafuna kuonetsa ana ake nyumba yakale yeniyeni, yoti alowemo, agwire chitseko, aone pomwe mwini wake ankagona ndi kulembera makalata, ayenera kutuluka mumzinda. Lilongwe unakhala likulu mu 1975, ndipo ma Area ambiri omwe tikukhalamowa anali minda ndi tchire agogo athu ali achinyamata. Manda a Kamuzu ku City Centre, omwe anatsegulidwa mu 2006, ndiponso chipilala cha asilikali cha ku Area 18 ndi malo oyenera kuwaona, koma simunkakhala anthu. Nyumba zokhala ndi mbiri zili kumamishoni ndi m'matauni akale a atsamunda, ina pafupi, ina kutali koti uyambe wakonza thumba.

Ndaziyeza pa zinthu zinayi. Choyamba ndi mtengo, ndipo apa musapusitsidwe ndi ndalama ya pakhomo, chifukwa kulikonse ndi yochepa. Ndalama imathera pa thiransipoti, pogona ndi chakudya. Chachiwiri ndi kafikidwe: msewu wake, nyengo yabwino kupitako, komanso ngati mukapeze munthu wokhala ndi kiyi. Chachitatu ndi kasamalidwe. Adani a nyumba yakale ndi denga lodontha, chiswe ndi kusowa wokhalamo, choncho funso lenileni n'lakuti nyumbayo ili m'manja mwa yani, nanga akuigwiritsa ntchito yanji lero. Chomaliza ndi zovuta zomwe zingakuonongereni ulendo. Ndinenerenso poyera kuti ine ndimakondera malo omwe ali ndi munthu wofotokoza. Popanda wofotokoza, ana amangoona njerwa n'kuyamba kufunsa kuti tibwerera nthawi yanji.

Nkhoma

Mtengo. Palibe potchipa kuposa apa. Ndi makilomita pafupifupi 50. Wopanda galimoto amakwera minibasi ya ku Dedza, kutsika pa Kamphata, n'kupeza ina kapena kabaza wa njinga yamoto. Mumanyamuka mutamwa tiyi, n'kubwerera dzuwa lisanalowe, osalipira pogona.

Kafikidwe. Msewu ndi wa tala mpaka pamishoni, ndipo mvula siutseka. Koma dziwani kuti Nkhoma ndi likulu la Sinodi, pali chipatala, masukulu ndi maofesi, si malo okonzedwera alendo oona zakale. Yambani mwakapereka moni ku ofesi n'kupempha wokuperekezani. Mbiri yake njokoma mukapeza woidziwa. Amishoni a Dutch Reformed ochokera ku South Africa anayambira ku Mvera mu 1889, ndipo anafika pa Nkhoma mu 1896, m'dera la mfumu Mazengera, yomwe anthu ake ankakhala m'phiri pothawa nkhondo za Angoni. Mmishonale William Murray, yemwe sekondale ya pamenepo inatenga dzina lake, ndiye anatsogolera ntchito yomasulira Buku Lopatulika, lomwe linatuluka mu 1922. Aliyense amene anakula akumva mawu a Baibulo limenelo m'tchalitchi ali ndi chifukwa chofikira pa Nkhoma.

Kasamalidwe. Nyumba za njerwa zootcha, za makonde aakulu, zambiri mukukhala anthu kapena ndi maofesi. Ubwino wake denga likadontha pali wodandaula. Kuipa kwake n'kwakuti nyumba yokhalamo anthu imasintha: pena malata atsopano, pena mawindo achitsulo, pena dishi ya kanema pakhoma la zaka 100.

Zovuta. Mutha kuzungulira ola lathunthu osadziwa chomwe mukuona. Ndipo poti ndi makomo a eni, simungangolowa kapena kujambula zovala za anthu zili pachingwe.

Mua

Mtengo. Wapakatikati. Ndi maola awiri kapena atatu pagalimoto, kupita ndi kubwera tsiku lomwelo n'kotheka mukalawira. Pakhomo pa myuziyamu mumalipira, ndipo pali malo ogona pamishoni pomwepo kwa ofuna kugona. Chomwe chimadya ndalama mosayembekezera ndi ziboliboli. Amisiri a pa KuNgoni, malo a zaluso ndi chikhalidwe pamishonipo, amasema mwaluso, moti kutuluka chimanjamanja n'kovuta.

Kafikidwe. Njira zilipo ziwiri. Ina ndi ya ku Salima kenako kutsika ndi msewu wa M5 kulowera ku Mtakataka. Ina ndi ya ku Dedza, kukhota pa Masasa n'kutsetsereka Khwekhwelere mpaka ku Golomoti. Ya Khwekhwelere njokongola, nyanja imaoneka patali kunja kukayera, koma imafuna mabuleki abwino ndi dalaivala wosathamanga. Pa minibasi mumatsika pamsewu waukulu n'kumalizitsa ndi kabaza.

Mishoniyi anaiyambitsa ansembe a White Fathers mu 1902, ndipo nyumba zawo zakale zikadalipo. Koma chomwe chimakoka anthu ndi KuNgoni, yomwe Bambo Claude Boucher Chisale ochokera ku Canada anaiyambitsa mu 1976, ndi myuziyamu ya Chamare. Zipinda zake zimafotokoza za Achewa, Angoni ndi Ayao, kuyambira kubadwa, chinamwali, ukwati mpaka maliro. Chipinda cha Gule Wamkulu ndicho chimatseka anthu pakamwa. Zigoba mazanamazana zakwera m'mwamba mpaka kudenga, Chadzunda ali apo, Maliya ali apo, Kasiyamaliro wayima potero, ndipo wofotokoza amakuuzani mwambo womwe chilombo chilichonse chimaphunzitsa. Pa malo onse asanu, apa ndi pomwe nkhani ya Amalawi eniake ili patsogolo, ya mzungu ili pambuyo.

Kasamalidwe. Kabwino, chifukwa malowa anakonzedwera alendo ndipo ali ndi anthu ake a ntchito imeneyo. Ndalama ya pakhomo mumaona komwe ikupita.

Zovuta. Mua ili kuchigwa, choncho Okutobala ndi Novembala kumatentha koopsa, ndipo udzudzu suchita manyazi. M'dzinja mitsinje yochokera kumapiri a Dedza imavutitsa milatho ya M5, yambani mwafunsa madalaivala a msewuwo. Palinso nkhani ya chikhulupiriro. Makolo ena, malinga ndi mpingo wawo, safuna ana aone za Gule, pomwe ena olowa kudambwe amaona kuti zina sizoyenera kuonetsedwa poyera. Mukakhala ndi gulu la sukulu kapena la mpingo, kambiranani musananyamuke, osati pakhomo pa chipindacho. Funsaninso musanatulutse foni kuti mujambule.

Mandala House ku Blantyre

Mtengo. Apa thumba liyamba kumva. Lilongwe ndi Blantyre ndi makilomita opitirira pang'ono 300, ndiye kupita ndi kubwera galimoto yaing'ono imamwa malita oposa 50. Kochi ndi yotchipirapo kwa munthu mmodzi kapena awiri, koma banja la anthu asanu likawerengera matikiti limapeza kuti galimoto ili bwino. Kugona usiku umodzi n'kosapeweka, pokhapokha muli ndi achibale ku Ndirande kapena ku Chilomoni. Panyumba penipenipo ndalama imapita pa khofi ndi zojambula, mukafuna.

Kafikidwe. Msewu wa M1 kudzera ku Dedza, Ntcheu ndi Zalewa umayendeka chaka chonse, ndipo nyumbayo ili m'tauni momwemo, kufupi ndi Ginnery Corner. Inamangidwa mu 1882 ndi kampani ya African Lakes, yomwe inkayendetsedwa ndi abale awiri a ku Scotland, John ndi Frederick Moir. Anthu anamutcha John kuti Mandala chifukwa cha magalasi ake a m'maso, dzinalo n'kumamatira kampani, sitolo zake ndi dera lonse. Imadziwika kuti ndiyo nyumba yakale koposa mwa nyumba zomangidwa ndi azungu zomwe zikadali chiimire m'dziko muno. Ndi yosanja, makoma ake ndi okhuthala, a dothi ndi njerwa, ndipo khonde linazungulira pansi ndi pamwamba. Imani pakhondepo mvula ikugwa muone momwe madzi amagwera kutali ndi khoma. Chinsinsi cha nyumba ya dothi kukhala zaka zoposa 140 chili pamenepo.

Pansi pali malo ogulitsa zojambulajambula ndi odyera. Pamwamba pali laibulale ya Society of Malawi, bungwe lomwe linayamba mu 1946 likutchedwa Nyasaland Society, ndipo muli mabuku, mamapu ndi zithunzi zakale zovuta kuzipeza kwina. Myuziyamu yoyamba ya dziko lino inayambira m'nyumba yomweyi mu 1960 isanasamukire ku Chichiri mu 1966. Laibulaleyo ili ndi nthawi zake zosiyana ndi za malo odyera, ndiye ngati cholinga chanu ndi mabuku, pitani mkati mwa sabata ndipo imbani kaye. Safunsa anadya phula.

Mphamvu ya ulendo wa ku Blantyre ndi yakuti Mandala sili yokha. Tchalitchi cha St Michael and All Angels, chomangidwa pakati pa 1888 ndi 1891 motsogozedwa ndi David Clement Scott, chili pafupi. Ku Chichiri kuli myuziyamu yokhala ndi mitu ya sitima za pamtunda panja, yomwe ana amaikonda kuposa china chilichonse. Ndipo mukapita kudzera ku Nguludi mumafika ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu, komwe John Chilembwe anayambitsa mishoni ya Providence Industrial Mission (PIM) mu 1900. Ine ndimalimbikitsa kuti Mandala ndi PIM muzione pa ulendo umodzi, chifukwa nkhani zake n'zolumikizana. Mu Januwale 1915, poukira boma la atsamunda, anthu a Chilembwe anathyola nyumba yosungira mfuti ya kampani ya Mandala. Boma litagonjetsa kuukirako linagumula tchalitchi chake, ndipo chomwe chilipo lero chinamangidwa Dr Daniel Malikebu atatsegulanso mishoniyo mu 1926. Nyumba ya kampani inatsala, tchalitchi cha munthu yemwe nkhope yake ili pa K500 ndi K2000 chinaphwasulidwa. Mwana wa sekondale akaona malo awiriwa tsiku limodzi safunanso kumulongosolera zambiri za thangata. Ndipo mukamayenda m'nyumba za atsamundazi mudzaona kuti maina a eni ake ali pakhoma, koma a omwe anaumba njerwa ndi kusenza mitengo palibe. Funsani wokuperekezani za iwowo, nthawi zina amadziwa kuposa zolembedwa.

Kasamalidwe. Nyumbayi ndi yotetezedwa ndi lamulo la zinthu zakale, ndipo imagwira ntchito tsiku ndi tsiku, choncho imasesedwa, imapentedwa, imayang'aniridwa.

Zovuta. Amene akuyembekeza kuona bedi la Moir ndi mapoto a kukhitchini adzakhumudwa. Mipando ya nthawi imeneyo si yomwe ili pamenepo, chomwe mukuona ndi nyumbayo ndi mabuku. Ana aang'ono amatopa msanga. Pamsewu, vuto ndi mathiraki a M1 ndi misika ya m'mbali mwa msewu monga Lizulu ndi Tsangano, makamaka kukada. Mafuta akamasowa, musanyamuke opanda chitsimikizo cha obwererera.

Masongola ku Zomba

Mtengo. Wofanana ndi wa ku Blantyre, kudzera ku Balaka ndi Liwonde. Mukakhala kale ku Blantyre ndi makilomita osakwana 70, ndipo panjira, pa Namaka, pali kanyumba ka Mtengatenga komwe ankapumira anthu onyamula makalata wapansi.

Kafikidwe. Nyumbayi inamangidwa mu 1886 ndi John Buchanan kuti mukhale kazembe wa Britain, ndipo Harry Johnston anakhalamo atayamba kulamulira dziko lino mu 1891. Lero ndi hotela, kotero chitseko n'chotsegula masiku onse. Pafupi pali munda wa mitengo ndi maluwa woyambika nthawi ya Johnston, nyumba yakale ya malamulo yomwe aphungu anaigwiritsa ntchito mpaka m'ma 1990, malo osungira zikalata zakale za boma, ndi chipilala cha asilikali a King's African Rifles (KAR) polowa m'tauni.

Kasamalidwe. Hotela imasamala nyumba potengera zofuna za alendo ogona, osati za ofufuza mbiri. Maonekedwe a kunja, ndi nsanja zake ziwiri zosongoka, ndiwo akusunga mbiri kuposa zam'kati.

Zovuta. Zipinda ndi za alendo olipira, simungazione zonse, ndipo ogwira ntchito ndi a hotela, si ofotokoza zakale. Werengani musanapite. Masongola payokha siyokwanira ulendo wa makilomita pafupifupi 300, imakoma mukaiphatikiza ndi phiri la Zomba.

Stone House ku Livingstonia

Mtengo. Wodula koposa onse. Ndi makilomita pafupifupi 500 kupita kokha, ndiye werengerani malita oposa 80 ndi mausiku awiri kapena atatu. Pa basi mumafika ku Mzuzu, kukwera ya ku Karonga, kutsika pa Chitimba, n'kudikira matola kapena njinga yamoto yokwera phiri. Choziziritsa mtima n'chakuti nyumbayo imalandiranso alendo ogona, ndipo pali malo ena ogona m'mphepete mwa phiri, ena otchipa, ena a alendo akunja.

Kafikidwe. Apa pafunika kukhala pansi. Kuchokera pa Chitimba, msewu wa Gorodi umakwera mamita pafupifupi 900 pa mtunda wa makilomita 15 okha, ndipo uli ndi makona 20 opindika ngati mkono. Ndi wa dothi ndi miyala. M'chilimwe galimoto yokwera bwino imadutsa pang'onopang'ono, koma m'dzinja kagalimoto ka m'tauni musakayese. Njira ina ndi yodzera ku Njakwa kufupi ndi Rumphi, yomwe inakonzedwa zaka zapitazi ndipo njofatsa. Nyengo yabwino ndi Meyi mpaka Okutobala, koma Juni ndi Julayi tengani majuzi enieni, kumtundako kumazizira.

Chomwe mwavutikira n'chiyani? Mwa malo onse asanu, iyi ndiyo nyumba yomwe mumalowa n'kumva kuti munkakhala munthu. Dr Robert Laws anafika m'dziko muno mu 1875 ndi gulu lomwe linayambitsa mishoni ku Cape Maclear. Malungo anawathamangitsa, n'kusamukira ku Bandawe mu 1881, kenako anakwera ku Khondowe mu 1894. Stone House inamangidwa mu 1903, ndipo Laws anakhalamo mpaka pomwe anapuma mu 1927. M'chipinda cha zakale muli zithunzi, makalata ndi zida zachipatala za nthawi yake. Sukulu yomwe anayambitsa, Overtoun Institution, inatulutsa anthu monga Clements Kadalie, yemwe anayambitsa bungwe lalikulu la apantchito ku Cape Town mu 1919, ndi Levi Mumba, pulezidenti woyamba wa Nyasaland African Congress mu 1944.

Panja, pa kapinga, pali zilembo zoyera zoti Aefeso 2:14. Mu Malichi 1959, boma la atsamunda litalengeza kuti dziko lili pa chiopsezo, ndege inagwetsa uthenga wofunsa ngati azungu a pamishoni akufuna kuwasamutsa. Anthu a pamishoni, akuda ndi oyera, anayankha poyala zilembo zimenezo kuti woyendetsa ndege awerenge ali m'mwamba. Ndi vesi lonena za Khristu kugumula khoma lolekanitsa anthu. Tchalitchi chokhala ndi zenera la magalasi amitundu loonetsa David Livingstone, chipatala cha David Gordon Memorial ndi nsanja ya wotchi zonse mumazifika wapansi, ndipo mathithi a Manchewe ali makilomita ochepa kuchokera pamenepo.

Kasamalidwe. Malowa ali m'manja mwa Sinodi ya Livingstonia, ndipo yunivesite yomwe inatsegulidwa mu 2003 inabweretsa moyo m'nyumba zambiri zakale. Makoma a miyala sachita mantha ndi chiswe, koma matabwa, mapepala ndi zithunzi zimavutika ndi chinyezi cha kuphiri, ndipo kukweza simenti kapena malata kumtunda kumeneko si ndalama yochepa. Musayembekezere zonyezimira.

Zovuta. Kupatula Gorodi, pali chitunda cha Chiweta pa M1, pomwe mathiraki amavutika kukwera ndi kutsika. Galimoto ikaonongeka kumtunda, sipeya amachokera ku Mzuzu. Tengani ndalama m'manja, musadalire makina a banki. Ku Manchewe gwirani ana padzanja, phompho lake silikhululuka. Chitumbuka ndicho chimayankhulidwa, Chichewa amamva, koma moni wa "monire" amatsegula zitseko mwachangu.

Ndiye mupite kuti?

Muli ndi Loweruka limodzi ndi ndalama yochepa, pitani ku Nkhoma, koma mutapangana kale ndi wokuperekezani. Kwa a Chigwirizano kapena a kwaya omwe akufuna ulendo wa tsiku limodzi, palibenso pena.

Aphunzitsi a pulayimale ndi makolo a ana aang'ono, sankhani Mua. Ana amakumbukira zomwe aona ndi maso, ndipo pamenepo pali zoona zambiri ndi munthu wofotokoza. Pewani miyezi yotentha, ndipo nkhani ya Gule muithetse ndi makolo basi isananyamuke.

Ophunzira a Fomu 3 ndi 4, a kukoleji, ndi aliyense amene akulemba za mbiri, Blantyre ndiyo yanu: Mandala m'mawa mkati mwa sabata, Chichiri masana, PIM mawa lake. Ngati ntchito kapena ukwati wa wachibale wakutengerani kale kummwera, ulendowu umatsala wa ndalama ya minibasi yokha. Zomba muionjezere pokhapokha muli ndi tsiku lachitatu, kapena ngati mnzanu wa paulendo amakonda phiri kuposa mabuku.

Okalamba ndi ovutika miyendo adzapeza bwino ku Mua ndi ku Masongola. Laibulale ya Mandala ili pamwamba, pokwera masitepe.

Stone House isungireni holide yaitali ya m'chilimwe, muli ndi galimoto yodalirika kapena muli gulu loti musonkherane mafuta. Okwatirana kumene ofuna malo abata, ndi a CCAP ofuna kuona komwe mpingo wa kumpoto unakulira, sadzadandaula. Ngati masiku anu ndi awiri okha, kapena mvula yayamba kale, isiyeni chaka chino mupite ku Mua.